Ndalama ya pa Lamya ya Wahiba

Chaka chimene Dardir anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, dzina lake linatuluka pa mndandanda wa anyamata ofunika ku usilikali. Mlonda wa m'mudzi wa Kom Sarhan ndiye anabwera ndi uthengawo. Anaima pakhomo nauza Wahiba, mayi wa mnyamatayo, kuti pakatha masabata atatu, tsiku Lachinayi, mwana wake akaonekere ku boma. Wahiba anali akukanda ufa. Anamaliza kukandako, anaumba mikate n'kuiyanika padzuwa kuti ifufume, kenaka anakhala pansi pambali pa uvuni.

Panalibe wosadziwa mmene zinthuzi zinkayendera. Wotengedwa ankapita zaka zisanu, ndipo ena ankabwerako ali anthu ena. Wokhala ndi mapaundi makumi awiri ankawombola mwana wake, bola apereke tsiku la maere, losankha anyamatawo, lisanadutse. Likangodutsa, mtengo unkakwera kawiri. Dardir akanakhala mwana wamwamuna yekhayo akanamusiya, koma kunyumbako kunali mng'ono wake wa zaka zinayi, amene ntchito yake inali kuthamangitsa abakha, ndipo m'buku la boma nayenso anali mwamuna.

Mwamuna wa Wahiba, Farghali, anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri ku Port Said, kusenza madengu a malasha okweza m'sitima zapamadzi. Kwawo ankafika kamodzi pachaka. Kamunda ka m'mbali mwa ngalande kanali m'manja mwa Dardir. Ndiye ankalima, ndiye ankaima pa shadufu kuyambira m'mawa, kukoka mtengo wotungira madziwo mpaka mapewa kuphwanya. Popanda iye tirigu akanangopsera m'munda.

Wahiba anagulitsa njati yoweta ya mkaka, ndolo zake zagolide za paukwati ndi mphika waukulu wamkuwa umene anasiya mayi ake. Zonse pamodzi zinakwana mapaundi khumi ndi anayi. Otsalawo anakalembetsa kalata kwa Shehe Hefni, mkulu wa diso limodzi amene ankakhala pansi pa mtengo kunja kwa positi ya ku boma, kulembera makalata anthu osadziwa kulemba. M'kalatamo anauza mwamuna wake tsiku la maere, namuuza kuti asake mapaundi asanu ndi limodzi kulikonse kumene angawapeze.

Sabata yoyamba inatha, yachiwiri inatha, osamva kanthu. Dardir sankafunsa. Ankangodzuka, kupita kumunda, kubwerako n'kudya mkate ndi anyezi ataweramitsa mutu. Lachiwiri la sabata yomaliza, dzuwa litangotuluka, mlonda uja anabweranso, ulendo uno akumwetulira, ali ndi kapepala kachikasu. Anati ndalama yabwera pa lamya kuchokera ku Port Said, wotumiza ndi Farghali, akailandire ku positi.

Wahiba anapsompsona kapepalako n'kukaika pachifuwa. Anavala nsalu yake yakuda, anamanga chidindo chake chamkuwa chosainira dzina pangodya ya mpango, nakwera bulu, Dardir akuyenda pambali. Ulendo wa ku boma unali wa maola awiri m'mphepete mwa ngalande. Panjira Dardir anayamba kukamba za mbewu ya chaka chamawa, koyamba m'masabata atatu.

Mkulu wa positi anali Bisada Efendi, munthu wowonda wa magalasi, amene anali atakhala kuseri kwa zenera la waya wamkuwa zaka khumi ndi ziwiri. Analandira kapepalako, anatsegula buku, natulutsa telegalamu yeniyeniyo. Kenaka anapempha chidindo. Wahiba anamasula mpango n'kumupatsa. Bisada anadinda pa kapepala kena, anawerenga, anayang'ananso telegalamu, navula magalasi.

"Mayi, dzina lanu ndani?"

"Wahiba, mwana wa Bekhit Salem."

"Ndi zimene chidindo chikunena. Koma ndalamayi yalembedwa kuti ndi ya Wahiba Farghali."

"Farghali ndi mwamuna wanga, a Efendi. Ndi iwo atumiza. Uyu ndi mwana wawo."

Bisada anati sakukayika ngakhale pang'ono. Dzina la wotumiza analiona, ndipo nkhani ya maere a Lachinayi ankaidziwa ngati wina aliyense. Koma lamulo la ndalama ya pa lamya linali lakuti imaperekedwa kwa mwini dzina lolembedwalo, osati kwa amene mkulu wa positi akumuganizira. Chikanakhala chilembo chimodzi cholakwika, bwenzi mboni ziwiri zodziwika zitakwanira. Vuto linali lakuti ku Kom Sarhan kunali Wahiba Farghali weniweni, mwana wa Farghali wina, wometa amene anamwalira kale. Mayiyo ankalandira ndalama pa zenera lomweli miyezi iwiri iliyonse kuchokera kwa mwana wake wogwira ntchito ku njanji, ndipo chidindo chake chinali m'buku. Woyendera maofesi akabwera, ankayerekeza dzina ndi chidindo. Akapeza kuti ndalama ya dzina la munthu wina yatuluka ndi chidindo cha wina, imeneyo sinali nkhani yongodula malipiro, inali ya kukhoti.

Wahiba anamvetsera zonsezi atagwira waya wa zenera. Anafunsa ngati ndalamayo ilipo m'nyumbamo. Bisada anati ilipo, m'bokosi lachitsulo kumbuyo kwakeko. Wahiba analiyang'ana bokosilo. Linali lobiriwira, lalifupi, pamwamba pake pali kapu ya tiyi.

Njira inalipo imodzi, anatero Bisada. Atumize funso pa lamya ku positi kumene ndalamayo inachokera, kuti wotumiza apite yekha ndi lisiti yake akakonze dzina. Funsolo linali lolipira, liwu lililonse ndi mtengo wake, ndipo yankho nalonso ankalipiriratu. Zikayenda bwino, mawa lomwe yankho likanafika. Anatenga pensulo nayamba kuwerenga mawu, kufufuta ena kuti mtengo utsike, mpaka anafika pa magirishi asanu ndi limodzi, timakobidi tating'ono. Wahiba anali ndi asanu ndi awiri a mazira ndi nkhunda zimene anagulitsa sabata yatha. Anawaika pa thabwa. Bisada analemba nambala m'buku, nalowa m'kachipinda ka kuseri, ndipo posakhalitsa anamva makina akugogoda.

Atatuluka panja, Shehe Hefni anawakodola. Anali akudya nyemba ndi mkate pa kabokosi kake kolembera.

"Amake Dardir, nkhope imeneyo si ya munthu wolandira ndalama. Akudyerani a Efendi?"

Wahiba anamufotokozera. Shehe Hefni anaseka mpaka kutsamwa, napepesa, n'kunena kuti amuna a ku Port Said amaiwala mayina a akazi awo chifukwa cha fumbi la malasha. Kenaka anatsitsa mawu. Anati nkhaniyi ndi yosavuta. Ndalama ikufuna Wahiba Farghali, ndipo Wahiba Farghali alipo, ali ndi miyendo ndi chidindo. Abwere mawa, adinde, alandire, apereke kwa mwini wake pansi pa mtengo pomwepa. Buku likondwa, woyendera akondwa, Mulungunso sangaone tchimo pamenepo.

Dardir anayang'ana mayi ake. Onse awiri ankadziwa chovuta. Wahiba winayo, amene anthu ankamutchula amake Sabet, sanalankhulane ndi Wahiba kwa zaka zisanu ndi chimodzi, chiyambire tsiku limene njati ya Wahiba ija inalowa m'dimba la mayiyo n'kudya anyezi mzere wathunthu. Tsiku limenelo mawu anatuluka okhudza makolo, a uku ndi a uko, ndipo mudzi wonse unamva.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Wahiba sanalowe n'komwe m'nyumba mwake. Anapita molunjika kwa amake Sabet, nawapeza pakhomo akupeta tirigu. Anali mayi wonenepa, wamkulu kwa iye ndi zaka khumi, wa mawu omveka kutsidya kwa ngalande. Sanamuuze kuti akhale. Wahiba anagwada pafumbi nafotokoza zonse, osasiyako kanthu, ndipo pomaliza anagwira mpendero wa chovala cha mnzakeyo.

Amake Sabet anapitiriza kupeta kanthawi ndithu.

"Ndiye mwamuna wako wakupatsa bambo anga," anatero. "Bambo anga anali munthu waulemu, sakanabereka mwana wa pakamwa ngati iwe."

"Nenani zonse, mayi. Ndazivomera."

"Njati ija ili kuti?"

"Ndinagulitsa."

"Yachita bwino kupita." Anaika lichero pansi. "Dzuka, ukundichititsa manyazi pamaso pa anthu. Mawa ubwere ndi bulu. Ine sindiyenda pansi."

Lachitatu m'mawa anapita atatu, amake Sabet ali pa bulu, akudandaula za msana, za dzuwa, za bulu wowonda ngati mwini wake. Panjira anamupatsa Dardir tchizi chimene anakulunga m'kansalu, namuuza kuti adye, pakuti msilikali kapena mlimi, wowonda chotere palibe angamufune. Wahiba anamva mtima ukutsika pang'ono. Ngakhale kutukwana kwa mayiyo kunkamveka ngati chinthu chogwirika.

Pa zenera amake Sabet sanadikire kufunsidwa. Anaponya chidindo chawo pa thabwa nanena kuti amva kuti pali ndalama ya Wahiba Farghali, ndipo Wahiba Farghali ndi iwo. Bisada anayang'ana chidindocho, anayang'ana Wahiba amene anaima kumbuyo, ndipo nkhope yake inagwa. Anatembenuza buku kuti aone, ngakhale panalibe mwa iwo wodziwa kuwerenga. Pambali pa nambala ya ndalamayo panali mzere wofiira.

Anati ndalama ikafunsidwa, imaimitsidwa. Kuyambira pamene funso linachoka dzulo masana, panalibe amene akanailandira, kaya Wahiba uyu kaya uyo, kufikira yankho litabwera kuchokera kumene inachokera. Nambala ya funsolo inali italembedwa kuno, inali italembedwanso ku Port Said.

"Ndiye lifufuteni funsolo," anatero amake Sabet. "Wafunsa ndi uyu, ndipo akuti sakufunanso kufunsa."

"Lamya ikapita yapita, mayi. Sindingaiitane kuti ibwerere."

"Ndikanabwera dzulo bwanji?"

Bisada anayankha motsitsa, maso ali pa buku. "Mukanabwera dzulo m'mawa, ndikanayang'ana chidindo chanu, n'kukupatsani."

Wahiba anakumbukira mmene anaikira magirishi ake pa thabwa limenelo ndi dzanja lake lomwe, akuthokoza. Anafuna kufunsa chifukwa chimene sanamuuzire dzulo, koma anaona pankhope ya Bisada kuti funsolo linali litamudya kale. Munthu wa boma sakanatha kuuza mayi kuti akatenge mnzake adzadinde m'malo mwake. Anali atamuonetsa khomo lokhalo limene lamulo linkamulola kuonetsa.

Amake Sabet ndiwo analankhula m'malo mwa onse. Anafunsa ngati bukulo lili ndi mwana, ngati linayamba lasenzapo madzi, ngati mzere wofiirawo anaulemba ndi mngelo. Anthu amene anali pamzere wogula masitampa anayamba kuseka, ena kung'ung'udza kuti mayiyo akunena zoona. Bisada sanakweze mawu. Anangoti yankho likhoza kufika nthawi iliyonse, adikire, ndipo likangofika sadzawachedwetsa ngakhale mphindi.

Anadikira pansi pa mtengo wa Shehe Hefni. Mkuluyo, atamva za mzere wofiira, anasiya nthabwala. Anati zaka makumi awiri wakhala pamenepo koma lamulo limenelo sanalimvepo, ndipo anapatsa amayiwo mkeka wake. Makina akagogoda m'kati, Wahiba ankaimirira. Inali telegalamu ya mitengo ya thonje, ina ya maliro, ina ya wamalonda wina wofunsa za ngamila. Iye ankakhalanso pansi.

Masana anasiya amake Sabet pamtengopo, napita ndi Dardir kwa wogula tirigu wa pamsika, munthu amene ankadziwika kuti amathandiza anthu pa nthawi ngati imeneyi, pa mtengo wake. Anamuonetsa kapepala kachikasu. Wamalondayo anakawerenga nati pepala la dzina la munthu wina si chikole. Akafuna mapaundi asanu ndi limodzi, abweretse pepala la munda, mwini munda adinde. Mwini munda anali Farghali, ndipo chidindo chake chinali m'thumba mwake ku Port Said. Anapita kwa wina wogulitsa nsalu, m'bale wa patali wa mayi ake. Iye anawapatsa tiyi, nalumbira kuti sabata yomweyo anawombola mwana wa mlongo wake ndipo m'sitolo mwangotsala nsalu zokha. Mwina zinali zoona. Sabata imeneyo boma lonse linali kusaka ndalama.

Yankho linafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa, positi ili pafupi kutsekedwa. Bisada anatuluka nalo yekha mpaka pamtengo, chinthu chimene Shehe Hefni anati sanachionepo. Anawerenga ataimirira. Wotumiza sanapezeke. Pa keyala imene anapereka, nyumba ya khofi ya anthu a kwawo kumtunda, anena kuti ali m'mabwato a malasha, sitima zazikulu zafika zitatu, sadziwa tsiku lotsika. Chidziwitso chasiyidwa.

Bisada anapinda pepalalo. Kenaka anatulutsa lina m'thumba la jekete, lolembedwa ndi dzanja lake, lonena kuti iye monga mkulu wa positi akuchitira umboni kuti m'bokosi mwake muli mapaundi asanu ndi limodzi otumizidwa ndi bambo wa Dardir Farghali, oimitsidwa chifukwa cha dzina. Anati sakudziwa ngati lingathandize, koma akaonetse mawa. Ananenanso kuti akanakhala nazo zake akanapereka, koma mwezi unali kumapeto, ndipo zimene anali nazo sizikanafika ngakhale paundi limodzi. Wahiba analandira pepalalo.

Lachinayi bwalo la boma linadzaza kusanatenthe. Anyamata anawaika mbali imodzi, atakhala pansi m'mizere, makolo mbali ina kuseri kwa chingwe. Pakhonde panali tebulo la kalaliki wolandira ndalama yowombolera, ndipo pamenepo panali mzere waufupi wa amuna ovala mikanjo yoyera bwino. Wahiba anaima kumbuyo kwawo. Nthawi yake itakwana anaika mapaundi khumi ndi anayi patebulo, pamwamba pake kalata ya Bisada.

Kalalikiyo anali wachinyamata, wotopa, osati wankhanza. Anawerenga ndalamazo, anawerenga kalatayo mpaka pansi, nanena kuti yalembedwa bwino kwambiri. Koma iye ankalemba lisiti ya ndalama imene waigwira, osati ya ndalama imene ili m'bokosi la ofesi ina. Wahiba anamupempha kuti alandire zimene zilipozo, zotsalazo abweretsa Loweruka. Iye anati ndalama yowombolera sailandira mwapang'onopang'ono. Anamupempha kuti dzina la mwana wake aliitane pomaliza. Anati mayina amaitanidwa monga alembedwera, koma tebulo lake likhala lotsegula mpaka pemphero la masana, athamange ngati ali ndi kothamangira.

Positi inali pamtunda wosakwana kuyenda mphindi zisanu. Wahiba anapitako katatu m'mawa umenewo. Ulendo uliwonse Bisada ankamuona ali pakhomo n'kupukusa mutu asanafike n'komwe pa zenera. Ulendo wachitatu anati wafunsanso ku Port Said ndi ndalama yake, ndipo amuyankha chimodzimodzi. Pamene ankabwerera, anamva kuitana kwa pemphero kuchokera ku mzikiti wa pamsika. Anafika pabwalo napeza kalaliki uja akutseka buku lake.

Dardir anali atamuitana kale. Anamuvula mkanjo, anamuyeza msinkhu, dokotala anamugogoda pachifuwa n'kumuyang'ana m'maso ndi m'kamwa. Mapewa amene shadufu inawakulitsa anawakondweretsa kwambiri. Ena anabwezedwa chifukwa cha maso kapena kufupika, ndipo amayi awo ankalulutira pomwepo. Dardir anamuika ku gulu la otsala. Podutsa pafupi ndi chingwe anauza mayi ake kuti asaiwale kutsegula madzi a mzere wakum'mwera, chifukwa unali utauma kuyambira Lolemba. Anafuna kunena zina koma msilikali anamukankha pang'ono kuti ayende.

Lachisanu maofesi onse anali otseka. Wahiba anakhala kunyumba, mapaundi khumi ndi anayi ali m'mpango, mwana wamng'ono akumufunsa kumene kwapita achimwene. Amake Sabet anabwera ndi mphika wa mphodza, anauika pansi, nakhala naye tsiku lonse osatukwana munthu.

Loweruka mlonda anabwera kudzanena kuti akumuitana ku positi. Farghali anali atatsika m'bwato Lachisanu madzulo, napeza chidziwitso, ndipo m'mawa mwake anali woyamba pa zenera ndi lisiti yake. Dzina linali litakonzedwa. Bisada anatsegula bokosi lobiriwira lija, anawerenga mapaundi asanu ndi limodzi, Wahiba anadinda, ndipo zonse zinatha nthawi yosakwana kumwa kapu ya madzi. Tsopano anali ndi makumi awiri athunthu. Anapita nawo ku bwalo la boma ngakhale ankadziwa yankho, ndipo anamuuza kuti tsopano ndi makumi anayi.

Anyamatawo anawakweza sitima Lamulungu m'mawa. Pasiteshoni panadzaza amayi, ena atadzipaka matope kumaso ndi m'mutu ngati pamaliro, ena akuthamanga m'mbali mwa mabogi kuitana mayina. Wahiba anamuona Dardir pa windo, mutu atamumeta, akuoneka ngati mwana wa munthu wina. Anamuponyera mtolo wa mikate youma ndi zipatso za madeti. Mtolowo unagunda chitsulo n'kugwera pakati pa njanji ndi nsanja. Sitima itachoka, munthu wina wa pasiteshoni anautola n'kumubwezera, ndipo anabwerera nawo kunyumba.

Patapita masabata atatu, Farghali anatulukira ndi kabokosi kake kamatabwa. Ntchito anali ataisiya, chifukwa munda sukanadikira. Anali atawonda, ndipo m'makwinya a khosi ndi m'zikope munali malasha amene sopo sankawachotsanso. Anthu anabwera kudzamulonjera ngati mmene amachitira pa nyumba ya maliro. Atapita onse, anakhala pa benchi ya dothi pakhomo, mkazi wake ali pansi akusankha mphodza, ndipo anafotokoza popanda kufunsidwa.

Kalata inamupeza mochedwa, chifukwa inakhala masiku asanu pa nyumba ya khofi pansi pa makalata ena. Anali ndi mapaundi anayi. Awiri enawo anasonkha anzake a m'gulu lake, uyu magirishi asanu, uyo khumi, mpaka Lolemba anakwana. Ku positi anamuuza kuti ndalama wamba imayenda ndi sitima ndipo singafike Lachinayi lisanakwane. Ya pa lamya ifika tsiku lomwelo, koma pamwamba pa mtengo wotumizira ndalama alipirenso telegalamu, liwu ndi liwu. Anatchula dzina lonse monga liyenera, Wahiba Bekhit Salem, mkazi wa Farghali Dardir. Kalaliki atawerenga mawu onse, zimene anali nazo m'thumba zinaperewera ndi girishi limodzi. Kuchotsa pa mapaundi aja sikukanatheka, chifukwa akanaperewera kuno. Kubwerera kukapempha, positi ikanatsekedwa, ndipo bwato lake linkanyamuka masana omwewo. Kalaliki anamuuza kuti achotse mawu ena ngati akufuna, ndi udindo wake. Anaganiza kuti mudzi wonse ukudziwa kuti Wahiba ndi wa Farghali. Za mwana wa wometa uja sizinamubwerere n'komwe m'mutu.

"Girishi limodzi, amake Dardir," anatero. "Ndinayang'ana pansi ponse m'positi muja ngati wina wagwetsa."

Wahiba anapitiriza kusankha mphodza. Anali atakonza mawu ambiri m'masabata atatu amenewo, ena akuthwa kuposa amene ananena tsiku la anyezi. Anayang'ana manja a mwamunayo, zala zong'ambikang'ambika zili pa mawondo, ndipo mawuwo sanapeze potulukira. Anamufunsa ngati wadya.

M'mawa mwake Farghali anapita ku shadufu. Wahiba anamutsatira dzuwa litakwera, atasenza mkate ndi mtsuko wa madzi. Akali patali anamva kuti mtengo ukulira pang'ono n'kusiya, kulira pang'ono n'kusiya. Anamupeza atatsamira chipilala cha dothi, akutsokomola, malovu akuda ali pa udzu. Madzi anali atangofika pakati pa mzere woyamba, ndipo tirigu wa kumapeto anali atayamba kufiira nsonga. Farghali anati ndi chifuwa cha kunyanja, chitha akazolowera mphepo ya kuno. Anagwiranso chingwe, anakoka kasanu, naimanso.

Wahiba anatula mtsuko. Anakwinya nsalu yake m'chiuno, anatsikira pa thabwa loterera la pa shadufu, nalanda chingwe m'manja mwake. Akazi a m'mudzimo sankaima pa shadufu, ndipo amuna awiri amene ankadutsa ndi ngamila pa njira ya pamwamba anayang'ana kumbali. Chidebe choyamba chinakwera theka, madzi ambiri atamukhuthukira m'miyendo. Farghali anamuuza kuti asalimbane ndi mtengowo, angoutsitsa, kukwera ukwera wokha. Anayesanso. Mwamunayo anakhala pansi m'mbali mwa ngalande, akupuma movutika, n'kumatsegula njira ya madzi ndi khasu kuti alowe mzere wachiwiri.